Timanambala Tofiira ta Pakona

Cape Town
3 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Fletcher,

Moni nonse ku Msakambewa, inu, alamu a Loyce, ana, makamaka Mayi. Kuno ine ndi amuna anga a Godwin tili bwino, mphepo yokha ndiyo ikufuna kutikankhira m'nyanja.

Kalatayi ikubwera ndi a Vinsenti, a lole aja amene amadutsa pa Mponela. M'kaphukusimo muli juzi yobiriwira ya Mayi, mafilimu atatu ndi kamera. Ndikukuonani kale mukuseka, mukuti Rute wapenga, anthu akujambula ndi mafoni iye akutitumizira zamakedzana. Sekani, koma kafoni kanu ka mabatani kaja kangajambule chiyani? Ndiponso Mayi pa foni sandimva, makutu aja anatseka kale. Zaka zinayi tsopano ndikukuwa kuti "Mayi, ndine Rute," iwo n'kumandiyankha kuti mvula yagwa bwino. Ndikufuna ndiwaone nkhope.

Kamerayi musaipeputse chifukwa cha kuchepa. Kusitolo kumene ndimagwira ntchito timakonza makamera akale ndi kutsuka zithunzi, ndipo iyi ndi imene achinyamata a kuno amaimezera mate. Inapangidwa ine ndisanabadwe. Abwana anandipatsa chifukwa inapindika pang'ono pakona, koma diso lake lili bwinobwino. Kukula kwake ngati sopo wosambira, thupi lake n'lachitsulo chopepuka chosachita dzimbiri. Mukaiyatsa kachitseko kamatseguka, diso n'kutuluka. Mukaizimitsa diso limabwerera m'kati ngati mutu wa kamba. Pamwamba pali timivi ngati ta wotchi, kamodzi kamawerenga zithunzi zimene mwajambula. Za kuwala ndi kutalika imadziwa yokha. Inu yanu ndi kuyang'ana pakazenera ndi kudina. Filimu ikatha imadzikulunga yokha, mudzamva ikulira. Isanalire, chonde musatsegule kumbuyo, ndipo alamu muwauze kuti zithunzi sizioneka m'katimo, asasuzumire.

Tsopano nkhani yeniyeni, imeneyi alamu ndiwo akawauze Mayi. Ndaima. Adokotala akuti Okutobala. Mukudziwa kuti ndinapita padera kawiri, ndipo kachiwiri kaja linali tsiku limene munandiimbira za imfa ya Bambo. Ulendo uno andiletsa kuyenda mtunda wautali, kumudzi sindingafike. Choncho filimu iliyonse ikatha muziwapatsira a Vinsenti, ine ndizitsuka kuno. Ndikufuna mwanayu akadzatsegula maso adzapeze agogo ake pakhoma.

Ndine mlongo wanu,
Rute


Msakambewa, Dowa
16 Epulo 2024

Mlongo wanga Rute,

Moni wako tinaulandira, nafe tadzuka. Fodya ali m'chigafa, chimanga chakhwima koma masamba akadali obiriwira.

Ndinakuseka, sindikana. Koma kamera ija nditaigwira m'manja ndinasiya. Kanthu kozizira, kosalala, kolowa m'thumba la malaya osatupitsa. Amene anakapanga anali munthu wosakonda phokoso, chifukwa kakamajambula sikamveka. Ndinadina kanayi ndikuyesa kuti kakana, ndiye usadabwe ukapeza zithunzi zinayi za mbuzi ya a Tomasi.

Nkhani yako Loyce anakawauza Mayi kudimba. Anachita kukuwa, moti ndikukayika ngati ikadali chinsinsi. Ine ndinkayembekezera nthungululu, koma Mayi anangokhala pansi n'kuyamba kuwerenga zala, kuyambira Epulo mpaka Okutobala. Anawerenga kawiri. Atabwera kunyumba anandiitana.

"Mafilimuwo ndi angati?"

Ndinati atatu.

"Imodzi mumalowa zithunzi zingati?"

Ndinati 36.

"Akwana," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo kamera ndi yawo, ine ndangokhala wodina. Munthu amene ankabisa nkhope akaona ojambula a pamsika, lero ndiye akundiuza poti ndiime. Afuna chithunzi pamtondo, china pakhola, china pansi pa mango amene anabzala Bambo.

Za thanzi lawo usade nkhawa. Miyendo yatupa pang'ono, ndipo kamtunda ka kudimba kaja amapuma kawiri asanakamalize. Mwezi watha tinapita nawo kuchipatala, anatipatsa mapiritsi. Akulimbikiranso zoti ndiwaperekeze kwawo ku Kasakula mlungu uno, akuti abale awo sanawaone kalekale.

Filimu yoyamba ndi iyi. Inadzikulunga yokha monga unanenera, Loyce anathawa, ankayesa muli njuchi.

Dzisamale. Ndine mlongo wako,
Fletcher


Cape Town
12 Meyi 2024

Achimwene,

Moni kwa nonse. Mbuzi ya a Tomasi yatuluka bwino kwambiri, muwauze kuti ku Kepi yatchuka.

Zithunzi za Mayi ndinazitsuka ndekha, ndipo ndinalira pamaso pa abwana. Diso la kamera imeneyo silibisa kanthu. Ndaona makwinya onse, ndaona kachipsera ka pachibwano, ndaona mpaka ulusi umene anasokera duku. Koma ndaonanso zimene simunalembe. Chibangili chija chinkawathina, pano chatsetserekera mpaka pachigongono. Ndipo pa zithunzi zonse palibe pamene avala nsapato. Kutupa "pang'ono" kwanuko ndi kumeneku?

Adokotala ananena chiyani kwenikweni? Musandiyankhe za mapiritsi, ndiuzeni dzina la matendawo.

Kuno mlendo uja wayamba kuponda. Muwauze Mayi kuti ndi wamphamvu ngati iwo.

Rute


Msakambewa
24 Juni 2024

Rute,

Tikukupatsa moni. Pepa kuti ndachedwa kuyankha.

Kalata yako inatipeza ku Kasakula. Tinali ambiri kumeneko, abale anabwera ngakhale a ku Nachisaka. Ndinaiwerenga mokweza monga umafunira.

Mayi akadali komweko, ife tinabwerako kudzakolola. Miyendo siikuwavutanso. Akupumula. Dzina la matenda ndi la Chizungu, ndaiwala, ndipo pepala lake sindikuliona.

Kuno kwazizira kwambiri chaka chino. Uona wekha pa filimu yachiwiriyi mmene juzi yako ikuwathandizira. Chimanga takolola, nkhokwe yadzaza mpaka pakhosi. Fodya tinagulitsa.

Ukamaimba osandipeza usadabwe, netiweki yavuta masiku ano. Iwe uzidya, uzigona, usamaganize zambiri.

Fletcher


Cape Town
14 Julayi 2024

Achimwene a Fletcher,

Moni. Ndili bwino, mwana ali bwino. Kalata yanu ndaiwerenga kasanu, ndipo ndi yaifupi kuposa zonse zimene munandilemberapo. Mbuzi mulibe, nthabwala mulibe.

Pali chinthu chimodzi cha kamera ija chimene ndinaiwala kukuuzani. Kuchitseko chakumbuyo kuli kawotchi. Ndinakatchera ndekha ndisanatumize. Mukadina, kamawotcha timanambala tofiira pakona ya chithunzi, chaka, mwezi ndi tsiku. Pakazenera simungatione, timaoneka chithunzi chikatsukidwa.

Pa filimu yoyamba timanambalato tikuyambira 8 Epulo mpaka 14 Epulo. Pamenepo palibe vuto. Pa yachiwiriyi, imene mukuti ndi ya kuzizira kwa Juni, zithunzi zonse zikuti 19 Epulo ndi 20 Epulo.

Ndinatenga galasi lokuzira la kuntchito. Mayi avaladi juzi, afunda bulangete, ali pafupi ndi mbaula. Koma pachipumi pawo pali thukuta, achimwene. Kumbuyo kwawo chimanga chili chiimire, nkhwani ukuyanga pampanda, mapiri a Ntchisi ali biriwiri. Ndachoka kumudzi zaka zinayi zokha, Juni sindinamuiwale.

Ndinamulembera Roza wa amalume pa foni. Mukumudziwa Roza, mawu samugonera m'kamwa. Akuwerenga, osayankha.

Mwina pali chifukwa chabwino. Mwina munamaliza filimuyo msanga n'kuchita manyazi kunena. Mwina Mayi ali m'chipatala ndipo mukuopa kundiuza. Kapena mwawasiya ku Kasakula chifukwa atopetsa alamu, ndipo ngati zili choncho ndikuuzeni kuti sindidzakukhululukirani. Chilichonse mwa izi ndingachipirire. Chimene chikundidwalitsa ndi kusadziwa.

Filimu yachitatu muli nayo. Pitani ku Kasakula, muwaimike Mayi panja, mapiri aoneke kumbuyo kwawo. Chithunzi chimodzi chokha chandikwanira.

Rute


Msakambewa
11 Ogasiti 2024

Mlongo wanga,

Moni. Wandipweteka ndi mawu aja okhudza Loyce. Palibe munthu amene wawasamala Mayi kuposa iye, tsiku lina udzadziwa.

Za timanambala takoto, ine sindine katswiri, katswiri ndiwe. Koma wotchi iliyonse imaima. Ya kutchalitchi kwathu inaima pa 10 koloko chaka chimene unachoka, mpaka lero ikadali pomwepo. Iwe wekha unati kamerayo ndi yakale kuposa iwe, ndipo inayenda pa lole masiku asanu. Yaima mu Epulo, basi. Thukuta ndi la mbaula. Ndipo ku Kasakula n'kumapiri, kumachedwa kuuma.

Filimu yachitatu ndi iyi. Zambiri n'zam'nyumba chifukwa panja pali fumbi ndi mphepo, ndipo ndi mmene Mayi anafunira.

Yandivutitsa potuluka. Kamuvi kanali pa 36 koma osalira, osadzikulunga. A Vinsenti anali atatumiza kale uthenga kuti akudikira pa Mponela. Kutsegula kumbuyo unaletsa, ndiye ndangodina kawiri osayang'ana, ndili chiimire pakhomo pano, mpaka yalira. Ngati ndaononga kanthu, pepa.

Kwatsala miyezi iwiri yokha, Rute. Ndikukupempha ngati mkulu wako, galasi lokuziralo ulisiye kuntchito. Okutobala akafika tidzakamba zonse.

Fletcher


Cape Town
1 Seputembala 2024

Achimwene,

Sindiyamba ndi moni, mundikhululukire.

Simunaononge kanthu. Kamera yaing'ono chonchija njira ya filimu m'kati mwake ndi yaifupi, sitaya zambiri poyambira. Filimu yolembedwa 36 imapereka 37, nthawi zina 38. Anaipanga dala choncho, ndipo kusitolo timaitamanda chifukwa cha zimenezo.

Zithunzi 36 zoyamba zikuti 21 Epulo ndi 22 Epulo. Zonse n'zam'nyumba kapena zotsamira khoma, palibe ngakhale chimodzi chooneka phiri. Mayi asintha duku kasanu ndi kawiri. Pa chomaliza akhala pamphasa, pamiyendo pawo pali chitenje chatsopano chopindidwa, manja onse awiri ali pamwamba pake. Sakumwetulira. Akuyang'ana m'diso la kamera ngati akudziwa kuti ine ndili kuseri kwake.

Kenako pali ziwiri zanu zija. Pakona pake palembedwa 11 Ogasiti. Wotchi yanu yakufa ija yauka.

Inu simunayang'ane, koma diso limenelo n'lotambalala, limatenga zambiri. Cha 37 n'chopendekeka. Pali bwalo lathu, mapiri ouma, ndi nyumba ya Mayi. Chitseko chamangidwa ndi luzi kunja, mtondo wawo wavundikiridwa pakhonde. Ndinadziuza kuti n'chifukwa ali ku Kasakula.

Cha 38 pali alamu a Loyce, akhala pansi akuswa mtedza. Avala juzi yobiriwira. Ku Kasakula kumazizira kuposa kwathu, ndipo Mayi chinthu chimene ndawatumizira ine sabwereketsa. Duku la alamu lagwera paphewa, mutu ndi wometa mpala. Ana awiri amene ali pambali pawo nawonso ndi ometa. Ku Msakambewa sitimeta banja lonse chifukwa cha nsabwe.

Sindikufunsanso ngati ali moyo. Ndikufunsa tsiku. Ndikufuna kudziwa kuti tsiku limenelo ine ndinkachita chiyani, ndinkaseka ndi ndani, ndinkapachika chithunzi chiti pakhoma.

Ndalemba kalata chifukwa ndikamva mawu anu pa foni sindidziwa chimene chichitike. Ndilekeza pano. Msana wayamba kundikoka kuyambira masana, ndipo a Godwin apita kukafuna galimoto.

Rute


Msakambewa
22 Seputembala 2024

Alamu anga a Rute,

Ndine Loyce. Ndikukupatsani moni ndi mtima wosweka. Achimwene anu ayamba kalatayi katatu, katatu konse ang'amba, ndiye ndatenga cholembera ndine. Chifikireni uthenga wa a Godwin woti muli kuchipatala sitinamvenso kanthu, foni yawo ikungoitana. Achimwene anu sakudya. M'mawa uliwonse akukwera pachulu cha kumunda kukasaka netiweki.

Mwafunsa tsiku. Mayi anatisiya Lachiwiri pa 21 Meyi, dzuwa litangotuluka, kwawo ku Kasakula. Unali mtima. Anagona pamiyendo panga, sanavutike nthawi yaitali. Tinawaika komweko pafupi ndi amayi awo. Kalata yanu yonena kuti mwana wayamba kuponda inafika patatha masiku anayi, ndipo achimwene anu anakaiwerengera kumanda.

Mlandu wa bodzali musawasenzetse okha. Mayi ankadziwa kuyambira Malichi kuti Okutobala sadzamuona. Titafika ku Kasakula anasonkhanitsa abale onse, Roza yemwe, n'kunena kuti, "Imfa ya bambo ake inamulanda Rute mwana. Yanga isamulande. Aliyense atseke pakamwa mpaka mwana alire."

Achimwene anu anakana. Anati Rute si mwana, adzadziwa. Mayi anati, "Iwe ntchito yako ndi kudina."

Anakonza zonse okha. Anandituma kukoleza mbaula dzuwa likuswa mtengo, anavala juzi, anafunda bulangete, akuti uyu ndi Juni. Za Ogasiti anati tilowe m'nyumba, chifukwa mapiri sangatithandize kunama. Ankasintha maduku kuti masiku aoneke ambiri. Pakati pa zithunzi ankagona kaye kuti mpweya ubwerere, kenako n'kudzuka n'kufunsa kuti kamuvi kali pati. Katafika pa 36 anati, "Basi, ndamufikitsa." Kuyambira tsiku limenelo achimwene anu kamerayo sanaikhudzenso mpaka m'mawa umene munaona uja. Za kawotchi palibe ankadziwa.

Juzi anandipatsa okha, akuti chifukwa ndinawasambitsa. Mukaifuna ndibweza. Mitu mwaionayo tinali titangometa kachiwiri, titatha kukolola.

Chitenje cha pa chithunzi chomaliza ndi ichi ndaika m'phukusimu. Anakagula okha pamsika wa Kasakula, anayenda wapansi, anakana njinga. Anati ndi mbereko, ndipo ndidzakutumizireni mwana akabadwa. Sindikudziwa ngati ndikuchita bwino kutumiza lero, osadziwa kuti chikakupezani muli awiri kapena muli nokha. Koma m'nyumba muno sindingachisungenso.

Tiuzeni chilichonse, alamu, ngakhale choipa. Ife taphunzira.

Loyce


Cape Town
13 Okutobala 2024

Achimwene a Fletcher ndi alamu a Loyce,

Moni nonse, ndi ana omwe.

A Godwin ndinawaletsa ndine kuyankha foni. Poyamba chinali chifukwa choti adokotala nawonso sankadziwa choti atiuze. Pambuyo pake, ndisaname, ndinkafuna mulawe kudikira.

Mwana anabadwa pa 2 Seputembala, milungu isanu ndi umodzi nthawi yake isanakwane. Wamkazi. Sanalire. Anamuthamangitsira m'kabokosi kagalasi, thupi lonse timapaipi, ndipo masiku khumi oyamba anamwino ankandiyankha akuyang'ana kumbali. Ndinkakhala pamenepo n'kumaganiza kuti Mayi anatuluka thukuta pachabe, ndipo ndinkadana nanu, ndinkadana ndi kamera, ndinkadana ndi galasi langa lokuzira.

Lachitatu lapitali watuluka. Wabwera kunyumba m'chitenje cha agogo ake. Dzina lake ndi Tiyamike, ndipo pano akulira moti oyandikana nafe ayamba kudandaula.

Alamu, juziyo ndi yanu, ndipo mawu aja ndinalemba okhudza inu ndawabweza. Achimwene, inu sindinakukhululukireni bwinobwino. Ndikuyesa. Ndikudziwa kuti munamvera Mayi, ndikudziwanso kuti zithunzi zingapo za filimu yachitatu n'zogwedera, chinthu chimene kamera imeneyo sichita dzanja likakhala lokhazikika.

Chithunzi cha chitenje chili pakhoma, pamwamba pa bedi la mwana. A Godwin ankati tidule pakona kuti timanambala tisaoneke. Ndinakana.

M'phukusimu muli filimu imodzi. Mvula isanagwe mupite ku Kasakula. Mujambule njira yochokera kumsika imene Mayi anayenda, nyumba imene anagonamo, ndi pamene munawaika, mapiri aoneke kumbuyo. Kawotchi kaja musakakhudze, kakuyenda bwino.

Ndipo ulendo uno, achimwene, musadine osayang'ana.

Ndine mlongo wanu,
Rute, amake Tiyamike